Akazi anga ayamba kuiwala mawu a sewero, ndipo ine ndikuwabisira

Aphungu,

Ndiyambe ndi kupempha kuti mundikhululukire chifukwa cha kutalika kwa kalatayi. Ine ndidaphunzira m'masiku amene mwana ankauzidwa kuti nkhani imayambira kumutu, osati kumchira, ndipo ukalamba wandipeza ndisanasiye khalidwe limenelo. Ndaona kuti ena amakuitanani kuti Agogo. Ine sindingatero, pakuti ndikukayika ngati mudabadwa ine ndisanayambe kumeta ndevu.

Ndine bambo wopuma pa ntchito. Moyo wanga wonse ndidagwira ntchito yoyendera masikelo m'masitolo, m'mabutchala ndi m'misika, kuona ngati kilo imene wogula akupatsidwa ili kilo yeniyeni. Ndinkayenda ndi bokosi lathabwa la miyala yachitsulo yoyesera, ndipo amalonda akandiona ndikukhota pakona ankayamba kupukuta masikelo awo ndi malaya. Palibe tsiku limene ndidaika chidindo changa pa sikelo yonama. Sindikunena zimenezi modzitama ayi, koma kuti muzindikire kukula kwa chimene chandifikitsa kwa inu.

Akazi anga ndi katswiri wa zisudzo, za pa siteji ndi za kanema zomwe. Dzina lawo sinditchula, pakuti nkhaniyi ikhudza ulemu wawo. Ndidawaona koyamba m'butchala ina, mmene ankagwira ntchito yokulunga nyama. Ndili chiweramire pa sikelo, ndidamva anthu akuseka kumbuyo kwanga. Potembenuka ndidapeza mtsikana wochepa thupi atanyamula fupa la ng'ombe monga momwe ine ndidanyamulira mwala wanga, atakwinya mphuno, akusuzumira ndi diso limodzi, khosi litauma gwa. Nditamuyang'ana sadaleke. Adapitiriza mpaka kutsanzira ndi katembenukidwe kanga komwe. Mwini butchala adafuna kumuchotsa ntchito pomwepo, koma ine ndidati, "Musiyeni. Ndayesa zinthu zambiri muno lero, ndipo cholondola ndi chokhacho chimene wachita mtsikanayu." Kuyambira tsiku limenelo amandiitana kuti a Sikelo, kotero kuti zidzukulu zathu zimayesa ndi dzina langa la ubatizo.

Ntchito yawo adaiyambira m'kaholo ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, mmene anthu ankakhala pa mabenchi ndipo chinsalu chotchinga siteji chidali mabulangete olumikiza. Mbali yawo yoyamba idali ya wantchito wa m'nyumba, wolowa ndi thireyi, kunena kuti, "Tiyi uja ndi uyu, bwana," n'kutuluka. Mawu adali okhawo. Koma adawanena akuyang'ana bwanayo mwa njira yakuti holo yonse idazindikira kuti wantchitoyu akudziwa kumene bwana wake adagona dzulo. Anthu adaseka mpaka benchi ina idathyoka mwendo. Ine ndidakhala pa benchi yakutsogolo, nditamanga tayi, ndipo ndikuvomereza kuti nanenso ndidamwetulira.

Pambuyo pake adayenda m'maholo ambiri, atakwera pamwamba pa lole pamodzi ndi mipando, zitseko zabodza ndi mitolo ya zovala. Kenaka idabwera wailesi, ndipo potsiriza kanema. M'filimu ina adathamangitsa dokotala wabodza msewu wonse ndi ambulera yopinda, mvula ikuwakhuthukira, osaganiza n'komwe zoitambasula. Mpaka lero makondakitala a basi akawaona amakuwa kuti, "Mayi, ambulera ili kuti?" Iwo amayankha osatembenuka, "Ili m'chikwama, mwana wanga. Ukuifuna?" Atasewera ngati mayi wopeza wankhanza, amayi a pamsika adakana kuwagulitsa matimati, ndipo adafika kunyumba dengu lili gwa, nkhope ikuwala, nati, "A Sikelo, lero ndalandira mphotho yoposa zonse. Andikaniza matimati!" M'filimu ina adamwalira, ndipo anansi athu ena okalamba adabwera m'mawa kudzandipepesa, misozi ili m'maso. Amene adawatsekulira chitseko adali malemuwo, tsache lili m'manja, nati, "Mwachedwa, ndauka kale. Lowani mumwe tiyi."

Ndikadatha kunenanso za tsiku limene adagwa pa masitepe pakati pa sewero n'kuthyoka kakolo, koma namaliza sewerolo akutsimphina mwaluso kotero kuti oonera adayesa kutsimphinako kudalembedwa. Koma khote-khote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo.

Pa zonse zimene achita, chimene amanyadira kwambiri si mphotho zimene zili pa shelefu ya pabalaza. M'maholo a zisudzo mumakhala munthu wobisala kuseri kwa chinsalu, pepala lili m'manja, amene ntchito yake ndi kunong'oneza mawu kwa wosewera amene waiwala. Kwa zaka zoposa makumi anayi, akazi anga sadanong'onezedwepo ngakhale liwu limodzi. Wonong'oneza wina wakale ankanena poyera kuti iwo akakwera pa siteji iye amavula nsapato n'kupumitsa maso. Ndipo iwo ndi amene ankapulumutsa anzawo. Adandiuzapo kuti, "Mnzanga akataya mawu ndimadziwa ine mwini wake asanadziwe. Ndimaonera makutu ndi pakhosi. Munthu asanayambe kupeka, amayamba wameza malovu."

Pa ulemu umenewu inenso ndili ndi kagawo kanga, ngakhale dzina langa silidalembedwepo pa chikwangwani chilichonse. Kuyambira chaka chathu choyamba m'banja, masana aliwonse tikatha kumwa tiyi timakhala pa tebulo lodyera, iwo uko, ine kuno, kuyang'anizana. Ine ndimagwira pepala la sewero ndi kuwerenga mbali za anthu ena onse, iwo namayankha mbali yawo pamtima. Ndakhalapo mfumu, wakuba, wansembe, mwana wa sukulu, ngakhalenso namwali wofunsiridwa, ndipo onsewa ndawawerenga ndi liwu limodzimodzi. Iwo ankadandaula kuti, "A Sikelo, mukuwerenga ngati mukulengeza kuti sitima yachedwa. Ameneyu ndi mtsikana, mtima ukumugunda!" Ine ndinkayankha kuti, "Mayi, ntchito yanga ndi kupereka mawu okwanira, osachotsa, osawonjezera. Zogunda mtima ndi za inu." M'dzanja langa lamanja mumakhala pensulo. Akadumpha liwu, ngakhale kaliwu kochepa, ndinkagogoda patebulo kamodzi. Iwo ankati, "Sikelo yalira," nabwerera pamene alakwira. Nthawi zina ankandinena kuti ndine wouma mtima kuposa mwala wanga wa kilo, koma adandiuzanso kuti chimene amalowera pa siteji opanda mantha ndi chakuti adutsa kale pa pensulo yanga.

Tsopano ndafika pa vuto. Chaka chino kudabwera mayi wina wachitsikana, wolemba ndi wotsogolera masewero, amene akuti adayamba kukonda zisudzo ali mwana ataona akazi anga. Adawalembera sewero lawolawo, loti lidzaonetsedwe m'holo yaikulu. Iwo akusewera ngati mayi wokalamba, mwini nyumba ya alendo imene ikufuna kugwetsedwa. Mwana wake wamwamuna wabwera kudzamutenga, ndipo mayiyo akuyenda kutsazika chipinda chimodzichimodzi. Mawu ambiri ndi a iwo. Atalandira mapepala adandiuza kuti, "Ili ndiye lomaliza, a Sikelo. Ndikufuna kutsika pa siteji ndi miyendo yanga, asanachite kundinyamula."

Tidayamba monga mwa nthawi zonse, ndipo poyamba zonse zidayenda. Koma masana ena, nditawerenga mawu a mwana uja akuti, "Amayi, tiyeni tizipita," kudangoti zii. Ndidadikira, poganiza kuti ndi kupuma kwa luso, pakuti iwo amadziwa kugwiritsa ntchito chete kuposa mmene ena amagwiritsira ntchito mawu. Nditakweza maso ndidawaona akuyang'ana mbale ya shuga, milomo ikugwedera pang'ono. Aphungu, nkhope imeneyo ndaiona ikulira, ikukwiya, ikufa kumene, koma sindidaionepo ili chomwecho, chifukwa apa sikudali kusewera. Pensulo yanga idali m'mwamba, ndipo sidatsike. Ndinkadziwa kuti yankho lawo limayamba ndi mawu akuti, "Makiyi awa ndinawalandira ndikadali ndi mano onse." Choncho ndidabwereza mzere wanga, koma ndidati, "Amayi, tiyeni tizipita, siyani makiyiwo." Nthawi yomweyo maso awo adayera, napitiriza mpaka kumapeto kwa tsamba osapunthwanso.

Zimenezi zidachitikanso pamalo ena, ndi penanso. Ndidayamba kukonzekera. M'mawa iwo akapita kokayeserera ndi anzawo, ine ndimatenga pepala langa, n'kufufuza malo amene amakonda kuima, n'kupeza liwu loyamba la yankho lawo, n'kuona mmene ndingaliloweretsere m'mawu a mwana uja popanda msoko kuoneka. Timawu towonjezerati ndimatitcha timilatho. Poyamba tidali tochepa. Lero ndi masamba owerengeka okha amene alibe kamlatho. Pensulo ija ikadali m'dzanja langa, koma yaleka kulira. Ndisakubisireni, ngakhale zili zochititsa manyazi kwa munthu wa ntchito yonga yanga, timilathoti ndimatimanga bwino, ndipo tina tikukoma kuposa zimene adalemba mwini sewero.

Umboni wake ndi uwu. Sabata yathayi titamaliza kuwerenga, adandigwira dzanja nati, "A Sikelo, ukalamba uno mwayamba zisudzo? Lero mwasewera bwino zedi. Luso limeneli munkalibisa kuti?" Zaka zonsezi sadayamikirepo kawerengedwe kanga. Ndidatuluka panja n'kuzungulira nyumba ngati mnyamata wopambana mayeso. Iwo sakukayikira kanthu. Masiku ano adatembenuza mpando wawo, amakhala moyang'ana pawindo pamene tikuwerenga, ati kuti azimva mawu okha, choncho sangaone ngakhale pepala langa ndi zimene ndalembamo m'mphepete.

Pa zina zonse ali bwino. Amadziwa zidzukulu zonse ndi mayina, amakumbukira amene adabwereka mpeni wathu osabweza, ndipo pokangana sindidawapambanepo. Chimene ndaona ndi chakuti wailesi amaikweza kuposa kale, ndiponso kuyambira pamene adawasinthira mankhwala a kuthamanga kwa magazi amaodzera masana.

Kokayeserera kuja mpaka pano onse akuwerenga mapepala ali m'manja, motero palibe amene wazindikira. Koma wotsogolera walengeza kuti posachedwapa mapepala aikidwa pansi. Bambo amene akusewera ngati mwana wawo adzanena zimene zidalembedwa basi: "Amayi, tiyeni tizipita." Makiyi sadzawatchula. Dzana ndidakumana ndi wotsogolerayo pakhomo la holo, ndipo adandithamangira nati, "Bambo, amayi athu ali pati ndi mawu? Ine wonong'oneza ndamuuza kale kuti apume, sewero lino sitimufuna. Ndikufuna ana awa aone mmene akuluakulu amachitira." Ndidayankha kuti, "Akulimbikira." Mawuwo ndi oona, koma ndidadziwa kuti ndapereka kilo yoperewera.

Maganizo anga ndi awa. Ndikufuna kulemba timilatho tonse mwaudongo, kuitana bambo wosewera ngati mwana uja kumalo omwera tiyi, ndi kumupempha mwachinsinsi, monga mwamuna kwa mwamuna mnzake, kuti atiphunzire ndi kumatinena pa siteji monga ndimachitira ine. Ndi munthu waulemu, ndipo iye amawalemekeza akazi anga ngati amayi ake. Zikatero iwo adzatsika ndi miyendo yawo monga adafunira, osadziwa kanthu, mbiri yawo ili yathunthu. Kuwauza iwo eni ake sindingathe. Ndayesapo, koma ndikatsekula pakamwa ndimaona nkhope ija ya pa mbale ya shuga, ndipo ndimangofunsa ngati akufuna tiyi wina.

Kodi ndipite kwa bamboyu? Ngati njira imeneyi ili yolakwika, ndionetseni ina, pakuti ine sindingapirire kukhala pa mpando wakutsogolo, nditamanga tayi, n'kumva holo yonse ili chete chifukwa mkazi wotereyu wasowa chonena.

Ine wanu mwaulemu,
W. S. K., wa m'tauni momwe muno


Bambo W. S. K.,

Kalata yanu ndinayamba kuiwerenga ndikuseka, makamaka pa malemu otsekula chitseko ndi tsache, koma pomaliza ndinali nditasiya kuseka. Muli ndi chifukwa chonyadira mayiwa, ndipo iwonso ali ndi chifukwa chonyadira inu. Si amuna ambiri angalole kukhala namwali wofunsiridwa masana aliwonse kwa zaka zonsezo.

Funso lanu ndiyankha mosazungulira. Musapite kwa bamboyo.

Gulu la zisudzo ndi banja, ndipo m'banja chinsinsi sichigona. Bamboyo akasintha mawu, wotsogolera adzamva tsiku lomwelo, chifukwa sewero analemba yekha. Adzamufunsa, ndipo iye adzaulula. Posakhalitsa adzadziwa wosoka zovala, woyatsa magetsi ndi wosesa yemwe. Onse azidzawalankhula mayi mofatsa, kuwakokera mpando, kuyang'anana iwo akatembenuka. Mayi anakuuzani kuti sakufuna kunyamulidwa potsika, ndipo zimene mukukonzazi ndi kuwanyamula, kungoti mobisa. Komanso timilatho tanu mwatimanga pamene anagwapo kale. Nanga akadzaima pamalo atsopano, holo itadzaza, wonong'oneza atauzidwa kuti apume, adzawaolotsa ndani?

Tsopano ndikuuzeni chimene ndaona m'kalata yanu yomwe. Pa tebulo lanu sindinakhalepo, ndiye mwina ndikulakwa, koma sindikukhulupirira kuti mayi sakudziwa. Mwalemba nokha kuti amazindikira mnzawo akayamba kupeka, poonera makutu ndi pakhosi. Mwalembanso kuti m'mawa uliwonse amawerenga sewero lomweli ndi anzawo, pepala lili m'manja, ndipo amamva bambo uja akunena kuti, "Amayi, tiyeni tizipita," popanda makiyi. Masana akabwera kwanu, makiyi atulukira. Inu mukuganiza kuti munthu amene anakutsanzirani ndi fupa la ng'ombe atangokuonani kamodzi sangamve kusiyana kumeneku? Pensulo imene yawalondola moyo wonse yangoti zii, iwo osafunsa? Pamene anati, "Mwayamba zisudzo?" ine ndikuona kuti ankakutsekulirani chitseko kuti mulowe, inu n'kutuluka kukazungulira nyumba. Ndipo mpando uja anautembenuzira pawindo kuti asamaone pakhosi panu pamene mukumeza malovu. Akukusungirani ulemu, monga inu mukuwasungira. Pa tebulo limenelo pali osewera awiri tsopano, aliyense akusewera kuti mnzake asavulale, ndipo aliyense akuopa payekha.

Ndiye chitani izi. Mawa lomwe, tiyi akatha, musanatsekule pepala, apempheni atembenuze mpando. Musakonze mawu ambiri, ndakuonani kale kuti mukayamba kumutu mudzafika kumchira dzuwa litalowa. Nenani mwachidule kuti, "Mayi, ndakhala ndikuwonjezera mawu. Ndinaona mukuvutika, ndinachita mantha." Kenako aonetseni pepala lanu ndi zonse mwalemba m'mphepete, n'kukhala chete. Akakwiya, alekeni akwiye. Akalira, musathamangire ketulo.

Mukatero pitani nonse kuchipatala, sewero lisanafike. Wailesi yokwezedwa ija ndi kuodzera kwa masana kuyambira pamene anasintha mankhwala muzikanene kwa dokotala monga mwandiuzira ine. Munthu amene sakumva bwino mapeto a mawu a mnzake amachedwa kuyankha, ndipo mankhwala ena amalemeretsa mutu. Zoterezi zimakonzeka. Mwinanso ndi kukula chabe, kapena chiyambi cha vuto lofuna chisamaliro, ndipo ngati ndi choncho kudziwa msanga n'kothandiza. Ine sindine dokotala, inunso simuli. Musasiyitse mankhwala panokha, ndipo musagamule nokha za mutu wa akazi anu.

Kwa wotsogolera apite okha mayi, kapena mupite nonse iwo akafuna, koma wolankhula akhale iwo. Ntchito ndi yawo, dzina ndi lawo. Mayi wachitsikanayo analemba sewero chifukwa chowakonda, sadzawataya. Njira zilipo zambiri ndipo anthu a zisudzo amazidziwa kuposa inu ndi ine. Mawu aatali amadulidwa. Wonong'oneza akhoza kuitanidwanso. Ndipo timilatho tanuto, ngati tikukomadi monga mukunenera, mwini sewero akhoza kutilowetsa m'sewero poyera, aliyense akudziwa, n'kukhala mawu olembedwa. Pamenepo bambo uja adzatchula makiyi popanda wonamizidwa, ndipo kagawo kanu kadzamveka m'holo yaikulu.

Za wonong'oneza ndikudziwa kuti ndi pamene pakupweteka. Koma anthu amene amakuwa za ambulera m'basi sakudziwa n'komwe kuti kuseri kwa chinsalu kumakhala munthu. Amakumbukira mayi amene anawaseketsa ndi kuwaliza. Mayi amene anathyoka kakolo n'kusandutsa kutsimphina kukhala sewero akhoza kupeza chochita ndi liwu lotayika, bola adziwe pamene pali dzenje. Inu mwakhala mukuvundikira maenjewo, ndipo sangaphunzire kuwalambalala. Akasankha kupitiriza, muwathandize. Akasankha kusiya, musawakakamize chifukwa cha tayi yanu ndi mpando wakutsogolo. Kusankha okha ndi kumene kuli kutsika ndi miyendo yawo.

Chenjezo langa ndi ili. Musauze ana, anansi kapena wina aliyense mayi asanamve kuchokera pakamwa panu, ndipo musadikire kuti mapepala aikidwe pansi. Pakadafunda padajiwitsa galu. Akakasowa mawu koyamba pamaso pa ana amene abwera kudzaphunzira kwa iwo, n'kuzindikira kuti kunyumba munkadziwa, bala limenelo lidzavuta kupola kuposa la kuiwala.

Mayi anakuuzani kuti amalowa pa siteji opanda mantha chifukwa adutsa kale pa pensulo yanu. Masabata onsewa akhala akudutsa pa sikelo imene mwini wake waikapo chala, ndipo ndikuganiza kuti akudziwa, n'chifukwa chake mantha sakuwachoka. Mawa mukatha kulankhula, tsekulani pepala, muwerenge zimene zinalembedwa, ndi liwu lanu lija lolengeza kuti sitima yachedwa. Mukafika pa "Amayi, tiyeni tizipita," imani pomwepo. Akakhala chete, dikirani. Akapanda kuwapeza makiyiwo, gogodani patebulo.

Aphungu